Thabwa la Elijah

Mphepo inatembenuka Emelda ali pakati pa dziwe. Thanga linamumenya paphewa, thabwa n'kumuthawa kumapazi, ndipo anapezeka ali m'madzi ozizira mpaka m'mafupa. Sikanali koyamba tsikulo.

Mphepo ya ku Misuku ilibe mbali. Imatsika kunkhalango ya Mughese, kugunda phiri, n'kubwerera komwe yachokera. Mwamuna wake, Elijah, ndiye ankaidziwa. Anagwirapo ntchito pa loji ina ku Nkhata Bay, kuphunzitsa alendo kuthamanga pamadzi ataimirira pathabwa, thanga lili m'manja. Pobwerera kwawo anakweza zonsezo pa lole, ndipo Loweruka lililonse ankakhala padziwe limeneli, Emelda akumudikira pamtunda atamusungira juzi.

Kenako njinga yamoto inaterereka ndi Elijah pamtsetse wamatope. Chichitikireni ngoziyo thabwa linangokhala kuseri kwa nyumba likudzala fumbi, mpaka tsiku lina Emelda analisenza yekha.

Iye analibe womudikira pamtunda. Kwawo kunali ku Ntcheu, kuno anabwerera ntchito yauphunzitsi. Abale ake anamuchonderera kuti apemphe kusamutsidwa, iye anakana.

Amayi ochokera kokolola khofi anaima m'mbali mwa dziwe, madengu ali pamutu.

"Mwatandala uli, aphunzitsi?" anatero mmodzi. "Chisoni chimenechi chikuphani. Elijah sadzakweranso thabwalo, ingolisiyani."

Amayiwo anapitirira.

Emelda anakweranso pathabwa n'kukoka chingwe, thanga likudontha madzi, zala zitachita dzanzi. Mphepo inangoti zii. Anaima yekhayekha pakati pa madzi, nkhungu ikutsetsereka m'mapiri. Ali pafupi kugonja, mphepo inamudzera kumbuyo mwamphamvu. Anapendekeka chagada monga ankachitira mwini wake, thabwa n'kung'amba madzi mpaka tsidya linalo, iye osagwa. Anaseka, kuseka n'kusanduka misozi, popanda womumva.

Anakwera chitunda cha kwawo dzuwa litapendeka, thabwa lili pamutu, zovala zitamumatirira. Pakhomo panali zii. Anakankha chitseko.

"Munachedwa kutembenuza thanga," anatero Elijah ali pabedi loyandikira windo loyang'ana kudziwe, miyendo yake yopuwala itafunda bulangete. Maso ake anali atanyowa. "Komabe lero ndiye tawoloka."