Ulusi wa Telala pa Chotupa cha Galu

Panali mayi wina, telala, amene ankasoka pakhonde la nyumba yake. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi. Mayiyu anali ndi galu wamkazi wa zaka khumi ndi chimodzi, amene ankamutcha Dona chifukwa sankagona pansi popanda kumuyalira kansalu. Galuyo anali wa malemu amuna awo.

Tsiku lina akumusambitsa, anapeza zotupa ziwiri. China chinali m'khwapa, chachikulu ngati dzira, chofewa, cholendewera. China chinali pamimba pafupi ndi bere, kakang'ono ngati nyemba koma kolimba. Anatenga tepi yoyezera zovala n'kuyeza, ndipo kuyambira tsikulo ankayeza m'mawa uliwonse asanakhale pa makina.

Mwana wawo wamkazi atabwera kudzacheza anawapeza atagwada, tepi ili m'manja.

"Amayi, mukumusokera diresi Dona?"

"Usandiseke iwe. Tagwira apa."

Mwanayo atagwira, kuseka kunatha. "Tipite naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe."

"Mawa. Lero ndili ndi mayunifolomu."

Mawa lake linatha miyezi iwiri. Tisafulumire kuwaweruza. Amuna awo anapita kuchipatala akuyenda okha ndi kachotupa pakhosi, anauzidwa kuti ndi khansa, ndipo chaka sichinathe. Mayiwa sankafuna kukakhalanso pabenchi kudikira mawu amenewo. Koma usiku tulo sankatiwona, ndipo masana ankalakwitsa mizere n'kumasula.

Kenako kunabwera bambo wina wachilendo kudzafupikitsa buluku. Anaona galu pansi pa tebulo, anawerama n'kumugwiragwira.

"Mayi, izi zikukuvutani? Ine agalu ndaweta zaka makumi awiri. Mangani chachikuluchi ndi ulusi patsinde, mokoka ndithu. Masiku atatu chiuma, chigwa chokha ngati njerewere."

"Nanga kapamimbaka?"

"Ako n'kachabe. Mukapita nawo kwa madokotala aja angokuuzani kuti wakalamba, tim'baye jekeseni agone osadzukanso."

Mawu omalizawo ndi amene anawalowa. Ndiponso ulusi ndi chinthu chimene manja awo ankachidziwa. Bamboyo atangochoka ndi buluku lake, anatenga ulusi wolimba wosokera majinzi, anaupinda kanayi, n'kumanga. Dona analira pang'ono, kenako anawanyambita dzanja.

Tsiku loyamba galu anakana kugonera mbali imeneyo. Lachiwiri anasiya kudya. Lachitatu chotupa chinali chitakula kuwirikiza, chakuda, chotentha, chikutuluka mafinya. Mayi anayesa kudula ulusi ndi sizasi, koma unali utalowa m'mnofu osaonekanso. Dona, amene sanalumepo munthu chibadwire, anawaonetsa mano. Mayi sankadziwa dzina la bambo uja ngakhale kumene amakhala.

Anaimbira mwana wawo. "Bwera msanga. Ndachita chinthu."

Mwanayo atafika, anamukulunga Dona m'bulangete n'kukwera naye takisi. Njira yonse galu ankapuma mwabefu, mutu uli pamwendo pa mayiwo.

Dokotala wa ziweto anali mayi wachikulire wosachulukitsa mawu. Anam'baya galu mankhwala oletsa ululu, anafufuza ulusi ndi kachitsulo, n'kuudula.

"Mfundo iyi anamanga ndani?"

"Ndine, adokotala."

"Mumasoka?"

"Eya."

"Zikuoneka. Mukanakhala osadziwa kumanga, bwenzi itamasuka yokha."

Kenako anagwira pamimba pa galuyo. Anatenga timadzi m'zotupa zonse ziwiri ndi singano, nati adikire panja. Mayi anakhala pabenchi atagwira dzanja la mwana wawo.

Dokotala atawaitana anati, "Chachikuluchi ndi mafuta chabe. Agalu ambiri okalamba amakhala nazo, ndipo Dona akanafa nacho ndi ukalamba osamuvuta. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kapamimbaka. Kafunika kuchotsa msanga."

"Chotsani lero, chonde."

"Sindingathe. Thupi latentha, bala lili ndi mafinya, ndipo sanadye masiku awiri. Ndikamugoneka tulo ta opaleshoni lero, mwina sadzuka. Tichize kaye bala la ulusili. Milungu itatu."

"Kaja kazidikira milungu itatuyo?"

"Ayi, mayi. Sikadikira."

Milungu itatuyo mayi ankatsuka bala kawiri patsiku ndi kum'mwetsa mapiritsi m'kanyama. Bala linapola. Koma pa tsiku la opaleshoni dokotala anapeza kuti bere lina loyandikana ndi loyamba lija layambanso kulimba, ndipo anachotsa mabere onse awiri. Zimene anatumiza kukayezetsa zinabwera ndi mawu aja amene mayi ankawathawa.

"Adokotala, ndiuzeni zoona. Ndikanabwera tsiku loyamba lija, akanachira?"

"Sindingalumbire. Zina zimabwerera ngakhale tizichotse zili zazing'ono. Koma mwayi unali waukulu kuposa lero, ndipo ululu wa ulusi uja sakanaumva."

Mayi anagwedeza mutu. Ananyamula galu wawo okha, anakana kuti mwana wawo awathandize. Dona anakhala miyezi isanu ina, akudya bwino, mpaka matendawo anafika m'mapapo.

Phunziro: Mantha a mayiyu anali omveka, ndipo mwina bambo uja sankafuna kuwapweteka, ankangolankhula zimene sankazidziwa. Koma maso ndi zala sizingasiyanitse chotupa chamafuta ndi choopsa, ndipo kukula kwake sikunena kanthu. Zotupa zambiri za agalu okalamba si zoopsa, choncho musataye mtima, koma musamange, musadule, musafinye, ndipo musati mawa. Pitani naye akamuyeze, ndipo ngati mukuopa kukamva nokha, tengani wina wokuperekezani. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene pakhomo pake pali galu amene wayamba imvi kukamwa.