Bedi la ku Bangwe

Lamlungu masana banja lonse linali pakhonde ku Machinjiri, ana akudya nzimbe. Lilian anali ndi foni ya mwamuna wake Herbert, kalipentala, akumulembera mawu pansi pa zithunzi za ntchito zake kuti makasitomala aziona pa intaneti.

Herbert ankajambulira katundu yense kushedi asanamupereke kwa eni ake, utuchi uli mbwee pansi. Koma bedi limodzi linajambulidwa m'chipinda chogona, loyalidwa kale, neti ili pamwamba.

"Bambo a Limbani, apa ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti bedi la mlombwa, ku Bangwe."

"Kwa ndani?"

"Kasitomala basi. Mayi ena ake."

"Mpaka kukulowetsani kuchipinda?"

Herbert anayang'ana kumsewu. "Mwendo unkagwedera, ndinakakonza."

"Mlombwa kugwedera?" Lilian anasiya pansi pa chithunzicho popanda mawu.

M'mawa mwake Herbert atafika pasiteji ya minibasi, anatembenuka n'kuona Lilian ali pambuyo, chikwama m'manja.

"Tiyeni ku Bangwe, bambo. Chithunzi chimakoma chikakhala ndi mawu oyamikira a mwini katundu. Ndikawalembe ndekha."

"Limbe, Limbe, awiri!" anafuula kondakitala.

Lilian ndiye anayamba kukwera.