Mwezi Wobwerera

Msewu wathu masiku ano umayenda mbali imodzi: mwezi uno magalimoto onse amaloza ku Lilongwe, mwezi wamawa onse amabwerera kuno. Apongozi anga, amene anaulambula ndi khasu udakali kanjira ka ngolo, anamwalira asanazione zimenezi.

Amuna anga, a Chikaiko, anakwera basi mwezi wina wopita ku Lilongwe, mwana wathu Tiyese akukwawa. Anati adzatsika msewu ukadzatembenuka.

Ukatembenuka ndimasamutsira mkeka kuseri kwa nyumba, kumene amaonekera mabasi ochokera m'tauni. Ndiwo ndimaphika za anthu atatu. Tiyese ndimamugwira diresi osataya, chifukwa pano amathamanga, ndipo madalaivala sayang'ananso kumbali.

Dzulo Esinala, mchemwali wa amuna anga, anandipeza pamkekapo.

"Mlamu, mudakadikirabe? Achimwenetu anatsika kale."

"Anatsika kuti?"

Anayang'ana pansi. "Pa Kamphata, kwa mayi wina wake. Mwezi wobwerera uja."

Ine nthawi yonseyi ndinkauimba mlandu msewu.

Lero mkeka sindinautulutse. Tiyese waukoka yekha mpaka kuseri kuja, wakhalapo, ndipo basi iliyonse ikatulukira akuiloza, kenako n'kundiyang'ana.