Phompho la pa Chithunzi

Orval Teague analowa m'sitolo osapereka n'komwe moni, akukupiza choonera zithunzi chimene anagula dzulo lake.

"Mayi inu ndinu akuba! Munati munthu akasuzumira m'magalasimu, phompho limaoneka lakuya ngati agweramo. Phompho lake liti? Pepala lathyathyathya basi!"

Hulda Brandvold, mwini sitoloyo, anapsa mtima. Zithunzi zamapasazo, ziwiri pa khadi limodzi, anali atazigulitsa kwa theka la tauni ya migodiyo, ndipo aliyense ankachita nazo chizungulire. Lero zikanike kwa Orval yekha? Nkhani yake ankaidziwa. Hulda anamukana ukwati chaka chatha, ndiye mkuluyu ankangofuna pomutolera chifukwa.

"Ndevu zonsezo, bodza simunasiyebe?" anatero Hulda. "Kapena kavalo uja atakumenyani theche kumaso anakutayitsani ndi nzeru zomwe?"

Ogula anafa nalo phwete. Orval anati aike chooneracho pa kauntala, koma anachisiya m'malere, chinagwa pansi. Mwano wakewo! Potuluka anawomba phewa pa felemu ya chitseko, n'kutukwana.

Hulda akanamuthira mawu ena, koma anadzigwira. Ngolo ya akavalo yopita ku Denver inali imodzi yokha, woyendetsa wake Orval yemweyo, ndipo Signe, mwana yekhayo wa Hulda, anali atakhala kale m'menemo pa ulendo wa kusukulu. Msewu wa m'mapiriwo unali wopyapyala ngati lamba, ndipo anthu ankati palibe wodziwa kuyeza m'mphepete mwake ndi maso kuposa Orval.

Chikwapu chinalira. Signe anabayibitsa, ngolo inanyamuka, fumbi koboo mpaka m'sitolo.

Hulda anatola chooneracho akung'ung'udza. Sichinasweke. Analowetsa khadi lomwe lija, la msewu wa m'mapiriwo, n'kusuzumira. Phompho linali pompo, lakuya mochititsa nthumanzi. Wabodza wachabechabe!

Kachitsotso kanamulowa m'diso lakumanzere. Anatsinzina disolo, linalo lili chisuzumirire.

Phompho lija linasanduka pepala lathyathyathya.

Orval sananame. Diso lake limodzi linali litafa, mwini wake osadziwa.

Hulda anathamangira panja akukuwa dzina la mwana wake. Ngolo inali itakhota kale kuloza kumapiri.