Mphaka wa Iddi

Dokotala ankamwetulira. Hafswa anangomuyang'ana pakamwa, chala chili pakhosi, pomwe singano inalowa sabata yatha kukatapa timadzi ta m'mwanabele.

"Ba Hafswa, si khansa, si TB. Kachilombo nako mulibe. Ni toxoplasmosis. Ibwela na tuvi twa pusi, olo nyama yosapsa bwino. Muli na pusi pa nyumba?"

"Alipo."

Iddi, mwamuna wake, ndiye anabwera naye mphakayo m'katoni, kuti azigwira makoswe m'kantemba kawo ka malonda ku komboni ya George. Ndi Iddi yemweyo amene ataona chotupacho anamvera za anthu a pampopi, zoti mwanabele wa pakhosi ndi kachilombo, ndipo mkazi wotero ndi woyendayenda. Zotsatira za singano sanadikire. Anatchula talaka, mawu othetsa ukwati pa Chisilamu, katatu pamaso pa amalume a Hafswa, nanyamula zovala zake n'kuchoka pakhomo.

"Chotupa chizasila cheka, osada nkhawa," anatero dokotala. "Mukauze bamuna banu, bazakondwela."

Hafswa anagwedeza mutu, nakonza mpango kuti ubise khosi. Anakumbukira kuti pochoka m'mawa sanamusiyire madzi mphaka uja.