Mbiri ya Mpingo wa ku Kuku

Wilbroad anatsala pang'ono kuluma chitumbuwa pamene anazindikira zilembo zake papepala lokulungira.

Linali tsamba la buku lake, mbiri ya mpingo wawo wa kukomboni ya Kuku, yomwe malemu bambo ake anamufotokozera ali chigonere. Bukulo linalipo limodzi lokha, lolemba pamanja. Analipereka kwa abusa Nkandu kuti aliwerenge, amuuze maganizo awo.

Mafuta anali atafafaniza dzina la bambo akewo.

Wogulitsa zitumbuwayo, mkazi wa abusawo, anali akung'amba kale tsamba lina.

"Amai Busa," anafunsa Wilbroad, "ba Pastor banaiwerenga buku yanga?"

"Banaiona," anayankha mayiyo osadzutsa mutu. "Bakamba ati mulembeko buku inangu. Mapepa yanu yakumwa bwino mafuta."