Chambo Chothokozera Wobisa Mayina

"Ingotsekani basi," anatero Habiba, mwamuna wake Tahir akungoyendayenda m'kashopu kawo ka intaneti. "Magetsi tikulipira tokha. Anthu mumawabisawo, alipo anakupatsaniko kanthu?"

Tahir ankalandira madandaulo a anthu pakompyuta, n'kufufuta mayina a eni ake, n'kutumiza kwa akuluakulu. Koma kulipira pafoni onse ankaopa, poti dzina limaonekera.

"Wina adzathokoza," anayankha Tahir, akusuzumira panja.

Posakhalitsa analowa Mustapha, msodzi wa ku Mbenji, atanyamula chambo.

"Achimwene, landirani. Uthenga wanga uja, woti abwana athu akupha nsomba ndi masikito, unafikadi. Awalanda zonse. Zikomo pondibisa."

Kuseri kwa chitseko, abwanawo, amene ankatchajitsa foni, anadzutsa mutu.

"Mustapha, chambocho wachitenga m'boti la ndani?"